Yuda: dzina la chiyamiko limene makolo amalizemba

Aliyense amene anamvapo mphunzitsi akuitana maina m'kalasi ku Chiradzulu, kaya ndi ku Mbulumbuzi, ku Namitambo kapena ku Nguludi, amadziwa kuti maina a ana a Yakobo wa m'Baibulo adakali ndi moyo. Yosefe amavomera, Benjamini amavomera, ndipo Rubeni, Simeoni ndi Levi nawonso sasowa. Ngakhale Efraimu ndi Manase, amene anali zidzukulu chabe, amamveka apo ndi apo. Koma pali mwana mmodzi wa Yakobo amene dzina lake limamveka mwa kamodzikamodzi, ndipo ameneyu ndi Yuda.

Chifukwa chake n'chosabisika. Mmalawi akamva Yuda, maganizo ake amathamangira kwa Yudasi Isikariote, wophunzira amene anapereka Yesu ndi ndalama zasiliva 30. Popeza ambiri amakhulupirira kuti mwana amatengera dzina lake, palibe kholo limene lingafune kulera mpereki pakhomo. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola, ndipo mwambiwu wapherezera pa dzinali.

Chodabwitsa n'chakuti makolo omwewo amapereka dzina lomweli tsiku ndi tsiku mosadziwa. Yamikani, Thokozani, Tamandani ndi Mayamiko ndi maina amene tanthauzo lake likufanana ndi la Yuda, kungoti iwo ali m'Chichewa pamene ilo lili m'Chiheberi.

Dzina lobadwira m'nyumba ya mitala

Nkhani ya chiyambi cha dzinali ili m'mutu 29 wa buku la Genesis. Yakobo anakwatira ana aakazi awiri a Labani, malume ake. Mtima wake unali pa Rakele, wamng'ono, koma anapusitsidwa n'kupatsidwa kaye Leya, wamkulu. Motero Leya analowa m'banja akudziwa kuti si iye amene ankafunidwa.

Maina amene Leya anapatsa ana ake ndi kalilole wa zimene zinkachitika m'nyumbamo. Woyamba anamutcha Rubeni, kutanthauza kuti Mulungu waona kusauka kwake, ndipo ankayembekeza kuti tsopano mwamuna wake amukonda. Wachiwiri anamutcha Simeoni, kuchokera ku liwu lotanthauza kumva, poti Mulungu anamva kuti iye ndi wodedwa. Wachitatu anamutcha Levi, kuchokera ku liwu lotanthauza kuphatikana, akuganiza kuti ana atatu amumangiriza mwamunayo kwa iye. M'maina atatu onsewa maso a Leya ali pa Yakobo. Pa mwana wachinayi ndi pamene akusiya kudandaula za chikondi cha mwamuna n'kunena kuti ulendo uno atamanda Mulungu. Mwanayo anamutcha Yehuda, dzina limene m'Chichewa linasanduka Yuda.

Katchulidwe ka maina kotereka si kachilendo kwa Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja a ku Chiradzulu. Mchombo ukagwa, mwana n'kutuluka m'chikuta, dzina limene amapatsidwa kawirikawiri limafotokoza zimene banja ladutsamo. Mavuto, Ndaziona, Tiyanjane ndi Chimwemwe ndi mauthenga opita kwa apongozi, kwa mkazi mnzake kapena kwa mudzi wonse. Mayi amene wavutika kwa zaka n'kudzatcha mwana wake Yamikani wachita ndendende zimene anachita Leya.

M'Chiheberi, dzinali amaligwirizanitsa ndi tsinde la mawu lotanthauza kuyamika, kutamanda komanso kuvomereza. Pa tsinde lomweli ndi pamene panachokera liwu lakuti toda, limene anthu a ku Israel amaligwiritsa ntchito lero ponena kuti zikomo. Achinyamata a ku Malawi amene anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya m'dzikolo kumapeto kwa 2023 amalimva liwuli tsiku lililonse. Arabi akale anaonanso kuti dzina la Yehuda limalembedwa ndi zilembo zisanu, ndipo pochotsapo chimodzi pamatsala zilembo zinayi za dzina la Mulungu, limene Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova pamene Buku Loyera limati Chauta. Akatswiri ena a mbiri yakale amaganiza kuti dzinali linayamba ngati dzina la dera lamapiri la kummwera kwa Yerusalemu, anthu okhalamo n'kudzalitenga pambuyo pake. Komabe tanthauzo limene Baibulo lenilenilo limapereka, ndiponso limene Ayuda alisunga mpaka lero, ndi la chiyamiko.

Munthu amene anagwa n'kudzuka

Baibulo silibisa zofooka za Yuda. Abale ake atagwirizana zopha Yosefe, ndi iyeyo amene anapereka maganizo oti amugulitse kwa amalonda opita ku Ejipito, ndipo anamugulitsadi ndi ndalama zasiliva 20. Anapulumutsa moyo wa mng'ono wake, koma anamusandutsa kapolo, n'kulola kuti bambo awo alire maliro abodza kwa zaka zambiri.

Mutu 38 ukufotokoza mlandu wina, wokhudza mwambo wofanana ndi chokolo. Mwana woyamba wa Yuda, Eri, anamwalira n'kusiya mkazi wake Tamara wopanda mwana. Wachiwiri, Onani, analowa m'nyumbamo koma anakana kuberekera mbale wake mwana, ndipo nayenso anamwalira. Yuda analonjeza kuti wachitatu, Sela, akakula adzalowa, koma sanasunge lonjezolo. Tamara anadzibisa nkhope, n'kutenga pathupi pa apongozi akewo, atalandira chidindo, chingwe chake ndi ndodo ngati chikole. Mimba itaonekera, Yuda analamula kuti mkaziyo awotchedwe. Koma chikole chija chitatulutsidwa, iye anavomera pagulu kuti wolakwa kwambiri ndi iyeyo, osati Tamara. Apa tanthauzo lachiwiri la tsinde la dzina lake, kuvomereza, likuonekera poyera. Mmodzi mwa mapasa amene anabadwa, Perezi, ndiye kholo la Mfumu Davide.

Kusintha kwa Yuda kukuonekera bwino pa nthawi ya njala. Yakobo atakana kuti Benjamini apite ku Ejipito, Yuda anadzipereka kukhala chikole cha mnyamatayo. Benjamini atagwidwa ndi chikho cha siliva m'thumba lake, Yuda anaima pamaso pa nduna ya Farao, osadziwa kuti ndi Yosefe, n'kupempha kuti ukapolowo ugwere iyeyo m'malo mwa mng'ono wake. Munthu amene kale anagulitsa mbale wake tsopano anali wokonzeka kudzigulitsa yekha kuti mbale wina amasuke. Korani, imene Asilamu a ku Chiradzulu amawerenga, nayonso ili ndi nkhaniyi m'sura 12 ya Yusufu, ngakhale kuti abalewo siiwatchula maina.

N'chifukwa chake podalitsa ana ake, m'mutu 49, Yakobo analumpha atatu oyamba. Rubeni anali atagona ndi mdzakazi wa bambo ake, ndipo Simeoni ndi Levi anali atakhetsa magazi ku Sekemu. Yuda ndiye anauzidwa kuti abale ake adzamutamanda, anafanizidwa ndi mwana wa mkango, ndipo analonjezedwa ndodo yachifumu. Anthu a m'midzi ya mafumu monga Likoswe, Kadewere, Mpama ndi Nkalo angamvetse zimenezi mosavuta, pakuti mbumba ikamasankha wolowa ufumu imayang'ana khalidwe la munthu, osati kubadwa koyamba kokha.

Kuchoka pa munthu kufika pa mtundu

Zidzukulu za Yuda zinapanga fuko lalikulu kuposa onse 12. Pa kalembera woyamba wa m'buku la Numeri, fukoli linali ndi amuna 74,600 a zaka 20 kupita m'tsogolo oyenera kunkhondo, ndipo pa kalembera wachiwiri linali ndi 76,500. Linkamanga misasa kum'mawa kwa chihema chopatulika ndipo linkatsogolera paulendo. Dziko litagawidwa, linalandira chigawo cha kummwera, mmene muli Hebroni ndi Betelehemu. Ku Hebroni ndi kumene Davide anayambira ufumu wake, ndipo analamulira fuko la Yuda lokha kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka mafuko ena asanamulandire.

Solomoni atamwalira, cha m'ma 930 Khristu asanabadwe, ufumu unagawanika. Mafuko a kumpoto anatenga dzina la Israeli, pamene Yuda ndi Benjamini anatsalira kummwera pansi pa dzina la Yuda, likulu lawo lili ku Yerusalemu. Ufumu umenewu umatchulidwanso kunja kwa Baibulo: zolemba za Senakeribu, mfumu ya Asuri imene inazinga Yerusalemu mu 701, zimatchula Hezekiya wa ku Yuda. Ufumu wa kumpoto unali utagwa kale mu 722, anthu ake n'kumwazikana. Wa kummwera unapirira mpaka cha mu 586, pamene Nebukadinezara wa ku Babulo anagumula Yerusalemu ndi kachisi wake.

Popeza amene anabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo anali makamaka a ufumu wa kummwera, dzina la fuko limodzi linakuta mtundu wonse. Aperisiya anatcha chigawocho Yehud, ndipo dzinali limaoneka pa ndalama zachitsulo za nthawi imeneyo. Agiriki ndi Aroma anachitcha Yudeya. Munthu wa kumeneko ankatchedwa Yehudi, ndipo apa ndi pamene panachokera mawu akuti Myuda, Ayuda ndi Chiyuda. Buku la Estere limatcha Moredekai Myuda ngakhale kuti anali wa fuko la Benjamini, ndipo mtumwi Paulo, amenenso anali wa fuko la Benjamini, ankadzitcha Myuda.

Pali kusiyana kumodzi koyenera kukudziwa. Fuko la Aisraeli linkatsata bambo, pamene ku Chiradzulu, kumene chikamwini chinazika mizu, mwana amawerengedwa ku mbumba ya amayi ake ndipo mwini mbumba ndi malume. Koma malamulo a arabi anadzakhazikitsa kuti Uyuda weniweniwo umatsata mayi, fuko lokha ndilo limatsata bambo.

Mmene Yudasi analowera

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, chinenero chimene chimakonda kuwonjezera s kumapeto kwa maina a amuna. Choncho Yehuda anasanduka Ioudas. M'zolemba zoyambirirazo, mwana wa Yakobo, mbale wake wa Yesu ndi mpereki uja onse ali ndi dzina limodzi lomweli. Omasulira ndiwo analigawa pofuna kuthandiza owerenga, abwino ambiri n'kuwasiyira Yuda, mpereki n'kumupatsa Yudasi kapena Yudase, malinga ndi Baibulo limene munthu wanyamula.

M'masiku a Yesu dzinali linali lonyaditsa. Makolo ankakumbukira Yuda Makabeo, amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi mafumu achigiriki n'kuyeretsanso kachisi mu 164 Khristu asanabadwe. N'chifukwa chake Chipangano Chatsopano chili ndi amuna angapo a dzinali. Pakati pa atumwi 12 panali awiri, ndipo Uthenga wa Yohane umachita kunena kuti winayo si Isikariote. Panali mbale wake wa Yesu, amene mwambo wa mpingo umati ndiye analemba kalata ya Yuda. Panali Yudasi wa ku Damasiko, amene anasunga Saulo m'nyumba mwake atachita khungu, ndi Yudasi Barsaba, amene mpingo wa ku Yerusalemu unamutuma ku Antiokeya pamodzi ndi Sila. Panalinso Yudasi wa ku Galileya, amene anaukira Aroma pokana kalembera wa msonkho m'chaka cha 6. Mwa onsewa, mpereki anali mmodzi yekha. Dzina lake lachiwiri, Isikariote, ambiri amalimasulira kuti munthu wa ku Kerioti, mudzi wa kummwera kwa Yuda.

Ngakhale zili choncho, mmodziyo ndi amene anatsala m'kamwa mwa anthu. Phungu akachoka m'chipani chimene chinamulowetsa ku Nyumba ya Malamulo, otsatira ake akale amamutcha Yudasi. Mnzako woulula chinsinsi, kapena msungichuma wothawa ndi ndalama za banki mkhonde, amalandira dzina lomweli.

Chizolowezichi chili ndi ngozi yake, ndipo mbiri ya ku Ulaya ndi umboni. Kwa zaka mazanamazana, kufanana kwa maina akuti Yudasi ndi Ayuda kunagwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuti mtundu wonsewo ndi wa apereki. Chiphunzitsochi chinathirira manyowa chidani chimene chinadzafika pachimake pamene boma la Adolf Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Pa 28 October 1965, Mpingo wa Katolika unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate, chimene chinakana zoti Ayuda onse, akale kapena amakono, asenzetsedwe mlandu wa imfa ya Yesu. Okonza masewero a Lachisanu Loyera m'mipingo ya kuno ayenera kukumbukira kuti Yesu, amayi ake ndi atumwi onse nawonso anali Ayuda, ndipo Mateyu akuyamba Uthenga wake polondoloza mzere wa makolo a Yesu kudzera mwa Yuda yemweyo.

Njira ya dzinali yofikira ku Chiradzulu

Boma la Chiradzulu lili pachiyambi penipeni pa mbiri ya Chikhristu m'Malawi. Mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa Universities' Mission to Central Africa, motsogozedwa ndi David Livingstone, anakhazikitsa mishoni ku Magomero pakati pa akapolo amene anali atangomasulidwa. Mishoniyo sinakhalitse, pakuti Mackenzie anamwalira mu January 1862. Mu 1900, John Chilembwe, atabwerera kuchokera ku maphunziro ku Lynchburg m'dziko la America, anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Ansembe a chipani cha Montfort nawonso anamanga mishoni ya Katolika ku Nguludi.

Ubatizo unabwera ndi maina atsopano. Chilembwe mwiniwakeyo, amene ankadziwika ndi dzina la John, anabatizidwa ndi Joseph Booth mu 1893, ndipo pakati pa anthu a mpingo wake panali David Kaduya, Stephen Mkulichi ndi Daniel Malekebu. Baibulo lathunthu la Chinyanja, Buku Lopatulika, litatuluka mu 1922 pambuyo pa ntchito yotsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, makolo anapeza nkhokwe ya maina m'chinenero chawo. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera linatsatira mu 1998.

Mipingoyi sinalandire dzina la Yuda mofanana. Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku a Amakabeo ndi la Yudita, amene mulibe m'Baibulo la Abaptisti a ku Mbombwe kapena la CCAP. Mkatolika amadziwanso Yuda Tadeyo Woyera, mtumwi amene amakumbukiridwa pa 28 October pamodzi ndi Simoni, ndipo amatengedwa ngati nkhoswe ya anthu amene zinthu zawathina kotheratu. Motero Mkatolika amakumana ndi anthu ambiri olemekezeka a dzinali. Ndipo amayi onse otchedwa Yudita kapena Judith, amene ndi ambiri m'boma muno, anyamula dzina lomweli m'maonekedwe ake achikazi, popanda wina wowakayikira.

Mkango wa fuko la Yuda

Njira ina imene dzinali linadzera ndi ya ku Ethiopia. Mkango wa m'madalitso a Yakobo umatchulidwanso m'mutu 5 wa Chivumbulutso, mmene Akhristu amauona ngati chizindikiro cha Khristu. Mafumu a ku Ethiopia, potsata buku lawo lakale la Kebra Nagast, ankati ndi zidzukulu za Solomoni ndi mfumukazi ya ku Seba, choncho ankadzitcha Mkango Wogonjetsa wa fuko la Yuda. Menelik II atagonjetsa asilikali a Italy ku Adwa mu 1896, dzina la Ethiopia linasanduka chizindikiro cha ufulu wa munthu wakuda. Atsamunda ankatcha mipingo yodziimira payokha ya anthu akuda kuti ya Chiethiopia, ndipo olemba mbiri amawerengera mpingo wa Chilembwe m'gulu lomweli.

Ras Tafari Makonnen atavekedwa ufumu pa 2 November 1930 n'kutenga dzina la Haile Selassie, anthu ena a ku Jamaica anaona kukwaniritsidwa kwa ulosi, ndipo chipembedzo cha Chirasta chinabadwa. Mfumuyi inadzacheza ku Malawi mu 1965. Msewu wa Haile Selassie mumzinda wa Blantyre ndi malo otchedwa Emperor's View pa phiri la Zomba ndi zikumbutso za dzina lake. Gulu lina la Marasta, la Twelve Tribes of Israel, limene Vernon Carrington analiyambitsa ku Jamaica mu 1968, limapatsa munthu fuko potengera mwezi wobadwa, ndipo July, mwezi umene Haile Selassie anabadwa mu 1892, ndi wa Yuda.

Kwa Marasta a ku Malawi, mkango wa pa mbendera yobiriwira, yachikasu ndi yofiira ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo ambiri amafanizira tsitsi lawo lopotana ndi manyenje a mkangowo. Tsitsi limeneli linatsekereza ana awo kunja kwa sukulu za boma kwa zaka zambiri, mpaka mu May 2023 pamene Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba anagamula kuti kuwakaniza maphunziro n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Chotero m'minibasi imodzi yochokera ku Limbe kupita ku PIM mukhoza kukhala mayi amene sangalole mdzukulu wake kutchedwa Yuda, pambali pake pali mnyamata amene wavala dzina lomwelo pachifuwa monyadira.

Dzina limatsukika

Ngati pali boma limene likudziwa kuti dzina lodetsedwa limatha kuyera, ndi Chiradzulu. Chilembwe ataukira atsamunda pa 23 January 1915, podana ndi thangata wa m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero komanso kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo ya azungu, boma linagumula tchalitchi chake ku Mbombwe. Iye anaphedwa pa 3 February, ndipo kwa zaka zingapo kudziwika kuti ndiwe wa mpingo wake kunali kudziitanira mavuto. Mishoniyo inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama ya K2,000, ndipo pa 15 January chaka chilichonse dziko lonse limapuma pomukumbukira. Munthuyo ndi yemweyo. Chimene chinasintha n'chakuti Amalawi anayamba kumva mbiri yake yonse, osati chigawo chimene atsamunda anasankha kufotokoza.

Dzina la Yuda nalonso lamvedwa chigawo chimodzi chokha. Palibe amene angakakamize kholo kulipereka, ndipo mantha akuti mwana azidzasekedwa kusukulu ndi omveka. Koma mwana amene analandira kale dzinali, kaya ndi Yuda, Jude kapena Yudita, ali ndi yankho lokwanira kwa omuseka. Dzina lake linatuluka m'kamwa mwa mayi wonyozeka amene anasankha kuyamika, linanyamulidwa ndi munthu amene anavomera kulakwa kwake n'kudzipereka m'malo mwa mng'ono wake, ndipo m'Chichewa chomveka bwino limangotanthauza kuti Yamikani.